Kodi Khoti Ndi la Yani?

M'malamulo oyendetsera dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, muli gawo lina lalifupi limene mnyamata wa Fomu 1 angaliwerenge mphindi imodzi isanathe. Gawolo ndi la 41. Mwachidule likunena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wopita ku bwalo la milandu kuti nkhani yake ikamvedwe ndi kugamulidwa, ndiponso kuti ngati ufulu wake waphwanyidwa, bwalolo limupatse thandizo looneka ndi maso. Silinatchule kuti munthuyo akhale wophunzira, wa m'tauni kapena wodziwa Chingerezi. Lonjezolo ndi la aliyense.

M'phunziro lino ndikufuna tione, anzanga, ngati lonjezo limeneli limatsika nawo mapiri aja a msewu wa ku Blantyre kudzafika kwa Makhuwira, n'kuwoloka Shire mpaka kwa Chapananga ndi kwa Ngabu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 560,000 m'boma la Chikwawa lokha, ndipo ambiri mwa iwo ndi alimi a m'midzi. Maganizo anga ndi akuti makhoti amene tili nawo ndi abwino kuposa amene agogo athu ankawaopa, koma anatalikira, ndipo khoti limene munthu sangalifike silisiyana kwenikweni ndi chitsime cha madzi ozizira chimene chili tsidya la mtsinje wodzaza.

NTCHITO YA KHOTI

Tikamva mawu akuti khoti, ambiri timaona nyumba ya njerwa ya pa boma, wapolisi ali pakhomo ndi munthu atamangidwa unyolo. Koma makolo athu ankazenga milandu patsinde pa bwemba, ndipo linali bwalo ndithu. Chimene chimapanga khoti n'chakuti anthu awiri oyambana avomera kuika pansi nkhwangwa ndi zibonga, napereka nkhani yawo kwa munthu wachitatu wopanda mbali, amene adzayamba wamva onse awiri asanagamule. Woweruza akakhala ndi mbali, kapena mmodzi akapanda kumvedwa, ndiye kuti palibe khoti, ngakhale nyumbayo ikhale yopaka laimu mpaka kudenga.

Malembo Oyera ali ndi chitsanzo chabwino m'buku la Daniele, mutu 13. Akuluakulu awiri, amenenso anali oweruza a anthu, ananamizira Suzana mlandu wa chigololo chifukwa choti anawakana. Khamu linakhulupirira pakuti onenawo anali a imvi ndi a udindo, ndipo mayiyo anali kale pa ulendo wokaphedwa. Mnyamata Daniele anangopempha kuti mboni ziwirizo azilekanitse, nafunsa aliyense payekha kuti anthuwo anawaona patsinde pa mtengo wanji. Wina anatchula mtengo uwu, mnzake mtengo wina, bodza n'kuonekera poyera. Zimenezi ndi zomwe loya amachita pofunsa mboni mafunso, ndipo munthu aliyense woimbidwa mlandu m'Malawi, ngakhale alibe loya, ali ndi ufulu wofunsa mafunso mboni zimene zikumuneneza. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu akumudzi akafunsidwa ndi a majisitireti ngati ali ndi funso amakonda kuyankha kuti alibe, poganiza kuti ndiwo ulemu. Umboni ukadutsa wosatsutsidwa, khoti limaulemba monga momwe wanenedwera.

Milandu ili m'magulu awiri akuluakulu. Pali ya pakati pa munthu ndi mnzake: ngongole, malire a dimba, banja, chuma cha masiye, ng'ombe zimene zadya thonje la eni. Apa wodandaula amakasuma yekha, ndipo chimene amafuna ndi kubwezeredwa chake kapena chipukuta misozi. Palinso milandu yopalamula monga kuba, kuvulaza, kugwiririra ndi kupha. Apa wozenga ndi Boma, pakuti wakuba ng'ombe salakwira mwini khola yekha, amasokoneza mtendere wa mudzi wonse. Ntchito ina ya khoti, imene sitiiona kawirikawiri kumudzi, ndi youza Boma lenilenilo kuti apa mwalumpha malire.

Makhoti anasanjidwa ngati makwerero. Pansi pali a majisitireti, onga a pa boma pa Chikwawa, a ku Nchalo ndi a kwa Ngabu. Iwowa ndiwo amasenza milandu ya tsiku ndi tsiku, koma saloledwa kuzenga mlandu wa kupha munthu kapena woukira Boma. Imeneyo ndi ya Khoti Lalikulu, lomwe kwa ife lili ku Blantyre, ndipo n'komwenso munthu amakachita apilo akaona kuti majisitireti sanamuweruze bwino. Pamwamba pa onse pali Khoti la Suprimu. Pambali pali khoti la milandu ya pantchito, limene wodula nzimbe wochotsedwa ntchito popanda chifukwa ayenera kulidziwa, ndiponso makhoti a ana amene anabwera ndi lamulo la 2010. (Ife a zaka 16 tisanyade nazo. Lamulo silinena kuti mwana salakwa. Limangoti asatsekeredwe pamodzi ndi akuluakulu, ndipo cholinga chikhale kumuwongola.) Kusanja kotereku n'kwakale. Pa Eksodo 18 timamva kuti Mose ankaweruza yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo anthu ali chiimire, kufikira mpongozi wake Yetero atamulangiza kuti aike oweruza a timagulu ting'onoting'ono, milandu yovuta yokha ndiyo izifika kwa iye. Yetero anaona kuti anthu akutopa ndi kudikira, ndipo mankhwala ake anali kubweretsa woweruza pafupi.

PAMENE KHOTI LINALI CHINTHU CHOOPSA

Kuti timvetse chifukwa chimene gawo 41 linalembedwera, tibwerere ku 1969. M'zaka zimenezo ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre kunkaphedwa anthu usiku mosadziwika bwino, ndipo amuna ena amene anagwidwa anamasulidwa ndi Khoti Lalikulu chifukwa umboni unali wosakwanira. Dr Kamuzu Banda sanakondwe nazo. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inapatsa makhoti a mafumu, otchedwa Traditional Courts, mphamvu zozenga milandu ya kupha ndi kupereka chilango cha imfa, ndipo pambuyo pake anawonjezerapo milandu youkira Boma. Majaji achizungu a Khoti Lalikulu anatula pansi udindo. M'makhoti amenewa loya sankaloledwa kuimira munthu, ndipo oweruza ankaikidwa ndi kuchotsedwa ndi Boma lomwelo limene linali kudandaula. Dzina linali la miyambo, koma pa bwalo la makolo wodandaula sankasankha nduna zoweruza.

Orton Chirwa, mmodzi mwa oyambitsa chipani cha Kongeresi mu 1959 ndiponso nduna yoyamba ya zachilungamo, anagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera mu Disembala 1981. Onse awiri anali maloya ophunzira ku London, koma anazengedwa mlandu m'khoti la mafumu la chigawo cha kumwera popanda wowaimira, ndipo mu Meyi 1983 anagamulidwa kuti aphedwe. Maiko akunja atadandaula, chilangocho chinasinthidwa mu 1984 kukhala ndende ya moyo wonse. Orton anafera ku ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera anatuluka mu Januwale 1993.

Ife a ku Chigwa tili ndi mbiri yathuyathu pa nkhaniyi. Gwanda Chakuamba wa ku Nsanje, amene anali nduna yamphamvu ndi mkulu wa a Payoniya, anamangidwa mu 1980 napatsidwa zaka 22, ndipo anatuluka mu 1993. David Chiwanga, phungu wa kuno ku Chikwawa, sanaone ndi khomo lomwe la khoti. Mu Meyi 1983 iye ndi nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, anapezeka atafa kufupi ndi Thambani m'boma la Mwanza, ndipo Boma linalengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Kwa zaka 11 panalibe bwalo limene achibale awo akanapitako kukafunsa funso limodzi lokha. Mu 1994 Boma latsopano linakhazikitsa komiti yofufuza motsogozedwa ndi Jaji Harry Mtegha, ndipo inapeza kuti anthuwo anachita kuphedwa ndi apolisi. Dr Banda, a John Tembo ndi ena anazengedwa mlandu ku Khoti Lalikulu, koma mu Disembala 1995 anapezeka osalakwa. Ambiri anakhumudwa, ndipo m'pomveka. Komabe taonani bwino: oimbidwa mlanduwo anali ndi maloya, mboni zinafunsidwa mafunso, ndipo umboni utaperewera anamasulidwa. Ufulu umene a Chirwa anamanidwa ndi womwewo umene unapulumutsa Dr Banda.

Mpingo sunakhale chete. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya Aepiskopi, ndipo mmodzi mwa osaina anali Ambuye Felix Mkhori, amene nthawi imeneyo anali Episkopi wa dayosizi yathu ya Chikwawa. Kalatayi timaikumbukira kwambiri pa za ufulu wolankhula, koma inakambanso za anthu osungidwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, ndi za kufunika kwa oweruza osalamulidwa ndi wina aliyense. Referendamu inachitika mu Juni 1993, ndipo chaka chomwecho makhoti akuluakulu a mafumu aja anaimitsidwa.

MPATA UMENE UNATSALA

Apa ndi pamene pali phata la nkhani yathu. Pansi pa makhoti oopsa aja panali timakhoti ting'onoting'ono ta m'madera, timene sitinkazenga za ndale. Tinkamva milandu ya maukwati, ngongole ndi ziweto, m'chilankhulo cha anthu, pa mtunda woyenda pansi. Pogwetsa mtengo umene unali ndi njoka, nthambi zobala zipatso zinagwera limodzi. Ena mwa makhotiwo anasanduka a majisitireti, ena anangotsekedwa. Olemba malamulo a 1994 anaona vutoli, ndipo m'gawo 110 analola Nyumba ya Malamulo kukhazikitsa makhoti a m'madera omva milandu ya miyambo ndi timilandu tating'ono. Lamulo lake linadutsa mu 2011, ena akuopa kuti makhoti a Kamuzu akubwerera, ndipo zaka zoposa khumi zinatha makhotiwo asanatsegulidwe.

Choncho munthu wa kumudzi anatsala pakati pa mabwalo awiri. La amfumu lili pafupi, amalankhula Chisena kapena Chimang'anja, chabwalo chake ndi nkhuku kapena ndalama pang'ono, ndipo nkhani imatha tsiku lomwelo anthu n'kugwirana chanza. Milandu yambiri ya m'dziko muno imathera pamenepa, ndipo tiyenera kuwayamika mafumu chifukwa popanda iwo makhoti akanamira. Koma kupatula milandu ya malo a makolo, imene lamulo la 2016 linaipatsa mabwalo otsogozedwa ndi mafumu aakulu, chigamulo cha amfumu chimadalira kuti wogonjayo amvere yekha. Akakana, amfumu alibe wapolisi womutuma. Ndiponso wolakwa akakhala mphwawo wa amfumu, paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Bwalo la majisitireti lili ndi mphamvu zonse zimene amfumu alibe, koma lili kutali, ndipo mabuku ake ali m'Chingerezi.

Tiyerekeze mayi wamasiye wa kumidzi ya kwa Chapananga, kufupi ndi malire a Mozambique. Mwamuna wake wamwalira, ndipo alamu ake atenga ng'ombe zinayi, ngolo ndi dimba, ponena kuti chuma ndi cha kuchimuna pakuti analowola. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lili kumbali ya mayiyu: limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu angamangidwe nawo. Amfumu ayesa kuwakhazika pansi, alamuwo akana. Mayi uja agulitsa nkhuku kuti akwere kabaza ndi matola kupita kukhoti. Kalaliki amulembera chisamani, amuuza tsiku. Tsikulo abweranso, atalipirira ulendo ndi chakudya cha mboni zake ziwiri, koma alamu aja sanabwere, mlandu waimitsidwa. Ulendo wachitatu mtsinje wa Mwanza wadzaza, sanathe kuwoloka. Wachinayi apeza a majisitireti apita ku msonkhano. Pamenepo mbuzi yapita kale, mapira kumunda mbalame zikutha, ndipo mboni imodzi yanena kuti yatopa. Ulendo wachisanu sapita. M'buku la khoti mulembedwa kuti wodandaula sanabwere, mlandu watsekedwa.

Onani kuti m'nkhani yonseyi palibe amene walandira chiphuphu, ndipo palibe wogwira ntchito m'khoti amene waswa lamulo. Komabe gawo 41 silinamufike mayiyu. Tikamawerenga fanizo la Ambuye Yesu pa Luka 18, la mayi wamasiye amene anaumiriza woweruza wosaopa Mulungu mpaka atamuthandiza, tizikumbukira kuti mayi uja ankakhala mu mzinda umodzi ndi woweruzayo. Akanakhala wa kwa Chapananga, kulimbikira kwake kukanathera pa mtengo wa kabaza.

Chilankhulo ndi phiri lina. Malamulo athu analembedwa m'Chingerezi, ndipo zonse zonenedwa m'khoti zimalembedwa m'Chingerezi. Pamakhala womasulira, inde, ndipo gawo 42 limati munthu azengedwe mlandu m'chilankhulo chimene amamva kapena Boma limupezere womasulira mwaulere. Koma agogo a kwa Ngabu kapena a ku Nsanje amene Chichewa amachimva mwapatalipatali sangayerekeze kuimika khoti kuti afunse tanthauzo, amangogwedeza mutu. Ngakhale kwa odziwa Chichewa pali msampha. Akafunsa kuti ukuuvomera mlandu kapena ukuukana, munthu woona mtima amene anamenya wakuba podziteteza amayankha kuti inde ndinamumenya, pakuti kukana kukanakhala kunama. Iye wavomera kuti chinthucho chinachitika, pamene funso la khoti linali lakuti kodi ndiwe wolakwa pamaso pa lamulo. Majisitireti wosamala amafunsitsa kuti asiyanitse ziwirizi, koma woimbidwa mlandu amene akudziwa kusiyana kwake ali pabwino kuposa wodalira chisamaliro cha ena.

Nanga amene ali m'kati, pa rimandi? Kuyambira mu 2010 lamulo linaika malire: masiku 30 kwa woyembekeza mlandu wa kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga ya kupha, ndipo khoti likhoza kuwonjezerapo pang'ono pokha. Koma mlandu wa kupha umadikira jaji wa Khoti Lalikulu, ndipo m'ndende za dziko lino mwakhala mukupezeka anthu amene adikira zaka, ena mafailo awo atasowa. Mu 2009 Khoti Lalikulu linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera munthu. Mu 2012 ogwira ntchito m'makhoti ananyanyala ntchito kwa miyezi yoposa iwiri, ndipo zitolokosi za apolisi zinadzaza ndi anthu osowa kowatengera. Akuluakulu amati mlandu suola. Mlanduwo suoladi, koma munthu woudikira amaonda, ana ake amasiya sukulu, ndipo mboni zimamwalira.

Khoti likatalika, anthu amadzipangira lawo, ndipo limakhala loipa kuposa la 1969. Mu Malichi 2016 ku Nsanje khamu linatentha amuna 7 powaganizira kuti anali ndi mafupa a anthu. Mu Januwale chaka chomwecho ku Neno nkhalamba zinayi zinaphedwa poziganizira ufiti mphezi itapha mtsikana. Za oganiziridwa kuba ng'ombe kuno kwathu sindichita kukuuzani. Kale makolo ankamwetsa mwavi, wosanza n'kukhala wosalakwa, ndipo lamulo la 1911 linaletsa mwaviwo pamodzi ndi kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mwavi unali woipa, komatu unkasiyako mpata woti wina asanze. Petulo sasiya mpata. Mukawafunsa ochita zoterezi amati tikampereka kupolisi mawa timuona akuyenda pamsika. Kawirikawiri chimene aonacho ndi belo, ndipo palibe anawafotokozera kuti belo si kumasulidwa. Munthu wa pa belo mlandu wake ulipobe. Wangololedwa kuudikira ali kunyumba, pakuti lamulo limamuyesa wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa. Khamu lotentha munthu ndi khamu lomwe lija la kwa Suzana, kungoti Daniele palibe.

ZITSEKO ZIMENE ZILIPO

Sindikufuna kuti owerenga aganize kuti zonse ndi mdima. Pali zinthu zimene aliyense wa ife ayenera kupita nazo ku tchuthi ndi kukazinena ku mphakati. Munthu akamangidwa ayenera kuuzidwa chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo sayenera kukakamizidwa kuvomera. Ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa Sabata kapena pa holide. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndalama iliyonse yolipira kukhoti ili ndi lisiti lake. Wogonja ali ndi ufulu wa apilo, koma masiku ake ndi owerengeka, choncho asayambe wakolola kaye.

Kwa osauka kuli bungwe la Boma la Legal Aid Bureau, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndi kuyamba ntchito mu 2015, lopereka maloya kwa amene sangathe kulipira. Kuyambira mu 2000 m'dziko muno mulinso alangizi a zamalamulo, amene si maloya koma anaphunzitsidwa kulowa m'ndende ndi m'mapolisi kufufuza amene aiwalika ndi kuwaphunzitsa kupempha belo okha. Iwowa anathandiza kuyambitsa mwambo woti majisitireti azipita kukakhala m'ndende momwemo tsiku limodzi ndi kuona mafailo a onse a pa rimandi. Njira yogwiritsa ntchito alangiziwa m'ndende inayenda bwino kuno ku Malawi ndipo maiko ena anadzatengera. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, makamaka amayi ndi ana, ndipo m'maparishi mwathu muli a Chilungamo ndi Mtendere. Thandizo lonseli ndi lochepa poyerekeza ndi anthu olifuna, ndipo silibwera lokha pakhomo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Munthu wamba akapeza womugwira dzanja, khoti limatha kuchita zazikulu. Mu 2015 bambo wina wogulitsa majumbo ku Blantyre anamangidwa m'bandakucha akupita ku geni yake, pa lamulo lachitsamunda la vakabu, limene linkalola wapolisi kugwira munthu pongomukayikira. Maloya anamuthandiza, nkhani inafika ku Khoti Lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 majaji anagamula kuti ndime imene anamangidwira ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Wogulitsa majumbo anagwetsa lamulo limene linazunza amphawi kuyambira nthawi ya azungu.

Chitsanzo chimene dziko lonse lapansi linamva ndi cha pa 3 Febuluwale 2020, pamene majaji asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha Meyi 2019, Khoti la Suprimu n'kuvomereza mu Meyi, anthu n'kuvotanso pa 23 Juni. Makhoti anafafanizanso zotsatira za aphungu za kum'mawa kwa Chikwawa, kumpoto kwa Nsanje ndi pakati pa Nsanje, ndipo anthu a madera amenewa anavotanso pa 30 Malichi 2021. Mu 1983 zoterezi sakanazilota n'komwe. Koma chimene ine chimandigwira mtima pa mlandu wa chisankho uja ndi china. Unkaulutsidwa pa wailesi ndi kumasuliridwa m'Chichewa, ndipo kwa miyezi anthu ankaumvera m'magolosale, m'minda ndi pa siteji ya kabaza, akutsutsana za mboni ndi mafunso a maloya. Amene amati anthu akumudzi sangamvetse za malamulo anatsutsidwa pamenepo. Tisaiwalenso kuti odandaula pa milandu imeneyi anali atsogoleri a zipani, okhala ndi magalimoto ndi magulu a maloya. Khoti limene linawamva iwo ndi lomwelo limene mayi wa kwa Chapananga analephera kulifika.

MLANDU WA KU KANSECHE

Nkhani yomaliza ndi ya pakhomo pathu penipeni. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagwetsa mvula yoopsa, msewu waukulu unaduka, malo opangira magetsi a Kapichira anaonongeka, ndipo mudzi wa Kanseche, kufupi ndi minda ya nzimbe ya Nchalo, unakokoloka ndi madzi a mtsinje wa Mwanza. Anthu a m'mudzimo oposa 1,700 anasumira kampani ya Associated British Foods, imene ndi mwini wake wa Illovo. Iwo anati chimpanda cha dothi chomangidwa kuti chiteteze nzimbe ndicho chinakhotetsera madzi kumudzi kwawo, ndipo anthu 7 anafa. Kampaniyo inakana zimenezi. Ine si woweruza, ndipo phunziro lonseli latiuza kuti tisagamule tisanamve mbali zonse. Chimene ndikufuna muone ndi malo amene anthuwa anakasuma: Khoti Lalikulu la ku London, kudzera mwa maloya a ku England a Leigh Day.

Njira imeneyi anailambula ndi anzathu a ku Zambia. Anthu 1,826 a m'midzi ya kufupi ndi Chingola anasumira kampani ya Vedanta ku England, ponena kuti mgodi wa kopa wa Nchanga unaononga madzi ndi minda yawo. Kampaniyo inati mlanduwo ukazengedwe ku Zambia. Mu Epulo 2019 Khoti la Suprimu la ku Britain linalola kuti uzengedwe ku England, ndipo silinanene kuti majaji a ku Zambia ndi okondera ayi. Linati anthuwo ndi osaukitsitsa, kwawo kulibe njira yowalipirira maloya pa mlandu waukulu chotere, ndipo kulibe gulu la maloya lokhala ndi zipangizo zokwanira kulimbana ndi kampani yotero kwa zaka. Mlanduwo unatha mu 2021 pogwirizana kunja kwa khoti, kampani italipira popanda kuvomera kulakwa.

Mlandu ngati wa ku Kanseche umafuna akatswiri oyeza kayendedwe ka madzi, mapu, zithunzi za m'mlengalenga, ndi maloya olemba umboni wa anthu mazanamazana mmodzimmodzi, zonsezi kwa anthu amene anatuluka m'madzi ndi zovala za m'thupi zokha. Maloya a ku England amatha kuyamba ntchito yotere osalandira kanthu, n'kudzalipidwa pokhapokha mlandu ukawayendera bwino. Kuchokera ku Nchalo kupita ku Khoti Lalikulu la ku Blantyre ndi mtunda wosafika makilomita 100. Kupita ku London ndi makilomita oposa 8,000.